Mulekeni Noel Abwerere ku Makompyuta

Mirdif, Dubai
Mwezi wa Ogasiti

Okondedwa achimwene a Goodwell,

Landirani moni wanga wochokera kutali kuno. Muli bwanji ku Bangweko, inu ndi alamu anga a Selinah ndi ana onse? Nanga bondo lija likukulolani kukwera chitunda cha ku tchalitchi, kapena mukungolimba mtima monga mwa chizolowezi chanu? Ine kuno Mulungu akundisunga. Thupi lilibe vuto, koma mtima ndi umene ukudwala, ndipo chimene chikuudwalitsa mukuchidziwa.

Musadabwe kuona kalata ya pamanja m'masiku ano a mafoni. Mauthenga a mawu amene ndakhala ndikukutumizirani simukuwatsegula. Foni imandionetsa, achimwene, musaganize kuti sindidziwa. Ndiye ndati pepala lilibe batani lozimitsira. Ndapatsira Amos, mwana wa a Chikopa uja amene amalondera pa hotela kuno, poti akubwera ku tchuthi. Komanso zimene ndikufuna kunenazi si zolemba pa foni m'dziko lino. Chichewa cha papepala palibe wa kuno angachiwerenge, ngakhale atachitembenuza chadodolido.

Kuno tili m'nyengo ija imene ngakhale mphaka sayenda panja masana. Ukatsegula chitseko mphepo imakumenya kumaso ngati watsegula uvuni. Ndikamayanika zovala, pofika kumapeto kwa chingwe zoyamba zija zimakhala zitauma kale. Mpopi wa madzi ozizira umatulutsa madzi otentha, moti osambitsa mwana ndimayamba ndawasiya mu ndowa kuti apole. Mukamadandaula za dzuwa la Okutobala kwanuko, muzidziwa kuti mukusewera.

Ntchito ikuyenda. Madamu ndi munthu wabwinobwino, kungoti pakamwa pawo sipachoka yalla, yalla, kutanthauza kuti fulumira, ngakhale ukuthamanga kale. Kamwana kawo kakang'ono kaja kakuyamba sukulu mwezi wa mawa, ndipo kakukana kuyesa yunifolomu pokhapokha ndikaveke ine. Wamkulu uja wayamba kuyenda ngati nyumbayi anamanga ndi iye. Manja anga anasupuka ndi mankhwala otsukira m'bafa, koma ndapeza mafuta, akupola.

Za tchuthi ndinapempha, anandikaniza. Akuti agogo awo akubwera kudzachitidwa opaleshoni, ndiye nyumba singakhale yopanda munthu. Choncho tsiku lovundukula chiliza cha mayi ine sindidzakhalapo. Ndinalira, kenako ndinapukuta maso nkupitiriza kusita.

Sabata yatha ndinapita ku Satwa ndi Hanifa, mnzanga wa ku Mangochi amene amagwira ntchito nyumba yoyandikana ndi yathu. Ku Satwa nkumene kuli matelala ndi timashopu tambirimbiri, ndipo nkumene a kwathu timakumanirana. Ndinakasindikizitsa tisheti yanga ya chiliza, yofanana ndi imene mudzavale nonse kumeneko, kuti tsikulo ndidzaivale ndili kukhitchini kuno. Bambo wa pashopupo anayang'anitsitsa chithunzi cha mayi, mmene maluwa aja anazungulirira nkhope, nkufunsa kuti anakonza ndani. Ndinamuuza kuti mwana wanga. Anagwedeza mutu, anati mwanayo dzanja ali nalo.

Inunso munanena chimodzimodzi tsiku limene munachiona, alamu anandiuza kuti munayenda nacho mpaka kwa aneba. Amene anachikonza mukumudziwa, ndipo tsopano mukudziwanso kumene anachikonzera. Tafika pa nkhani yathu. Ndikupemphani mumve mbali yanga kuyambira pachiyambi, chifukwa inu munangoona mapeto ake.

Ndinachoka kwathu Noel ali Fomu 2, kamnyamata ka mawu a kwaya ya ana. Bambo ake anapita ku Joni iye ali wakhanda, mpaka lero sitidziwa ngati ali moyo. Ndinamusiya m'manja mwanu chifukwa ndinu malume ake, mwini mbumba. Munamulera bwino, sanagonepo ndi njala, sanabwezedwepo ku sukulu. Pamenepo sindingakunenereni bodza.

Kuno kuimbirana pa WhatsApp sikutheka. Mauthenga amadutsa, koma ukati uimbe kuti muonane, imangozungulira osalumikiza. Zaka zoyamba zija mwana wanga ndinkangomumva mawu ojambulidwa kale, ndipo mawuwo anasintha ine ndili kuno. Tsiku lina ndinatsegula uthenga nkumva bambo wa mawu okhuthala akundipatsa moni, ndinatsala pang'ono kufunsa kuti ndinu ndani. Zithunzi zimene munkatumiza zinali zojambulira patali, pa ukwati kapena pa maliro, iye ataima kumapeto kwa mzere ngati mlendo.

Atalemba mayeso a Fomu 4 anayamba kupita kumene amalipiritsa makompyuta ku Limbe, kuti aphunzireko kanthu podikira zotsatira. Chifukwa chimene anasiyira sanakuuzeni. Mwini malowo ankakonda kuima kumbuyo kwake kusuzumira zimene akuwerenga, ndipo tsiku lina anamutchula dzina lija pamaso pa anthu onse, dzina limene ndamva kuti inunso mwamutchula nalo. Ine sindililemba m'kalata muno. Anatuluka anthu akuseka, ndipo sanapondekonso.

Patapita miyezi anandilembera kuti wapeza malo ena, amawatcha Pakhonde, kumene achinyamata amagwiritsa ntchito makompyuta ulere popanda wowasuzumira. Anati kuli mayi ena, mayi Mwenda, amene amayang'anira malowo, ndipo amupatsa nthawi yakeyake Lamulungu masana, pamene ine ndimakhala pa ofu. Ananditumizira timalemba ta buluu, nkundiuza kuti ndingodina pamenepo. Ndinadina, achimwene, nkuona nkhope ya mwana wanga ikuphethira.

Intaneti ya madamu m'chipinda changa sifika bwino. Imakoka pafupi ndi makina ochapira zovala, ndiye ndinkatembenuza ndowa nkukhalapo, foni nditaitsamiritsa pa botolo la sopo. Ndevu zake zoyamba ndinazionera pamenepo. Ankandionetsa zimene akuphunzira, kutaipa ndi zala zonse, kulemba kalata yofunsira ntchito, kujambula zikwangwani za mashopu. Ankandiuza za kwanuko zimene inu simunena, kuti mbuzi ya aneba inadya katundu wa alamu pa chingwe, kuti inu mumagona pa ulaliki nkumakana.

Ine ndinkamuonetsa ndege. Kuno ku Mirdif zimadutsa pamwamba pa denga penipeni zikamakatera, mpaka umawerenga zolemba za pamimba pake. Ikamadutsa tinkasiya kulankhula kudikira kuti phokoso lithe, tikungoyang'anana. Nthawi imeneyo ndinkaikonda kuposa yolankhula.

Chinthu chimodzi chinkandiseketsa. Mnyamatayu ankakhala pafupi kwambiri ndi kamera, nkhope kudzaza foni yanga yonse, mphuno ngati ya ng'ombe yosuzumira pa zenera. Ndinkamunena kuti wophunzira makompyuta wanji wosadziwa kukhala pampando. Iye ankangoseka, osasuntha.

Lamulungu lina wina anamuitana, ndipo anadzuka mofulumira osaganiza. Ndi pamene ndinaona khoma limene linali kumbuyo kwake. Panali nsalu ya mitundu ya utawaleza, ndi chikwangwani cha zilembo zikuluzikulu chonena kuti mnyamata wokonda anyamata anzake, mtsikana wokonda atsikana anzake, ndi aliyense amene anthu amamusala chifukwa cha mmene alili, pano ali pakwawo. Ndinawerenga kawiri. Miyezi yonse ija mwana ankabisa khomalo ndi mutu wake.

Atabwerera anangoona nkhope yanga, yake inagwa. Anafunsa ndi mawu apansipansi.

“Amayi, mwaona?”

“Ndaona. Sunthira kumbuyo pang'ono, ndikufuna ndikuone ndi mapewa omwe.”

Anasunthira. Ndinapeza kuti mwana wanga ali ndi mapewa otambalala a agogo ake aamuna, ndipo malaya amene ndinamutumizira anali atamuthina kalekale. Tsiku limenelo tinalira tonse awiri mpaka nthawi yake inatha.

Sindikunamizani kuti ndinazilandira ndikuvina. Sabata imeneyo chakudya chinandikana, ndinapsereza malaya a bwana, ndinakangana ndi Mulungu ndikukolopa. Ndinkadzifunsa ngati kuchoka kwanga ndi kumene kunachititsa. Nditamufunsa anati ayi, anadzizindikira ine ndisanakwere ndege. Anati ku sekondale ankasala kudya ndi kupemphera kuti zimuchoke, mpaka anakomoka pa asembule, inu nkumati ndi malungo. Anati khoma lija ankabisa pa zifukwa ziwiri. Ankaopa kuti ndimukana, komanso anawerenga za malamulo a dziko lino, ndiye ankaopa kuti wina akaona nsalu ija pa foni yanga ndilowa m'mavuto. Lamulungu lotsatira ndinapeza mayi Mwenda atatembenuza tebulo, kumbuyo kwa Noel kuli khoma loyera lopanda kanthu.

Mpaka lero sindimvetsa zonse. Ndikatsegula Baibulo mafunso ndimakhala nawo, mwina omwewo amene muli nawo inu. Koma ndinaona kuti kuli bwino ndiwasenze mafunsowo mwana wanga ndikumuona, kusiyana nkuti ndipeze mayankho iye nditamutaya. Muti bwanji sindinakuuzeni. Nkhaniyo inali yake, osati yanga, ndipo ankati adzakuuzani yekha akadzalimba mtima.

Ndiye inabwera nkhani ya chiliza. Ndinu amene munanena kuti za manda a mayi si zokamba pa timauthenga ngati tikuitanitsa makala, pafunika kuonana maso ndi maso monga abale. Munanena zoona, mwambo wake ndi umenewo. Noel anayesa kubwereka foni yaikulu kwa aneba, koma netiweki inkaduka tisanamalize ndi moni yemwe. Munamuuza kuti akutengereni kumene amaonera mayi ake. Anazengereza, anapeza tizifukwa, ine nkumukalipira kuti asamavutitse amalume ake. Ndinali nditazolowera khoma loyera lija sabata ndi sabata, mpaka ndinaiwala kuti chipinda chimakhala ndi makoma anayi. Walira mvula walira matope.

Kumeneko salola alendo wamba, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa tsopano. Mayi Mwenda anakana poyamba, anati nsalu ija sachotsera munthu aliyense, ndipo ana a eni amene amabwera pamenepo anawalonjeza chitetezo. Noel anawatsimikizira kuti amalume ake ndi munthu wabwino, sangapweteke munthu. Mawu amenewo ananena ndi iye, za inu, musanalowe pakhomo paja.

Munabwera mutangoweruka ku tchalitchi, suti ya bulauni ija, ambulera m'khwapa. Munavula chipewa pamaso pa kompyuta ngati mwalowa mu ofesi ya bwanamkubwa. Noel atakuvekani zomvera m'makutu munayamba kukuwa moni ngati ndili tsidya la mtsinje, ndinaseka mpaka misozi. Ndinali ndisanakuoneni chichokereni kwathu, ndipo za imvi zija palibe anandiuza. Tinakamba za simenti, za vesi lolemba pamwala, za amene adzaphike ndi kumene alendo adzagone. Munandinena kuti ndanenepa, ine ndinakunenani kuti tayi yapendama. Kanthawi kameneko ndinali kwathu, achimwene.

Kenako ndinaona maso anu akuchoka pa ine. Anapita kumanzere, anakhalako, anabwerera, anapitanso. Ine sindinkaona chimene mukuona, koma ndinadziwa. Ndinamva mnyamata wina akukupatsani moni mwaulemu, amene alamu akuti munawauza kuti anali atapaka milomo. Inu munatembenukira kwa mwana wanga.

“Noel, kuno nkuti?”

“Ndi kwa anzanga, amalume. Inenso ndili ngati iwowa.”

Munadzuka zomvera zili kumutu, chingwe chinazikoka nkugwera pansi. Ndinakuitanani. Ndinakuwa dzina lanu lenileni lopanda ulemu, limene sindinakutchulenipo chibadwire, koma mawu anga anali m'zomvera zija pansi. Kamwana ka madamu kanabwera kudzafunsa chifukwa chimene ndikukalipira makina ochapira.

Ndinatsala ndikuyang'ana mpando wopanda munthu. Patapita nthawi anadzakhalapo mayi Mwenda, mayi wa msinkhu wanga, wovala chitenje ngati wina aliyense. Anandipatsa moni, anandipepesa, nkunena kuti nthawi ya Noel ya Lamulungu saipereka kwa wina. Mpaka pano timalemba ta buluu tija amanditumizirabe, ndipo ine ndimadinabe. Ndimaona mpando ndi khoma, ndimakhala mpaka nthawi itakwana, kenako ndimadzuka kukabwezera ndowa m'malo mwake.

Zotsatira zake ndazimva kwa alamu, ndipo musawakalipire, ndinachita kuwaumiriza. Akuti foni munamulanda, ku Limbe munamuletsa, tsiku lonse amakhala pa shedi yanu yowotcherera kukugwirirani zitsulo. Akuti masiku ano amadyera kukhitchini, ndipo mukamamutuma mumadzera mwa ana. Akutinso chiliza chikatha mukamusiya kumudzi ku Chiradzulu kuti azikalima, ndipo mwayamba kale kufunsafunsa za mtsikana woti mumupezere.

Kumudzi kuja netiweki timaipeza titakwera pachulu, mwaiwala? Mukamusiya kumeneko ndiye kuti mwanditseka m'maso mpaka kontirakiti yanga idzathe, pamene ndangosainira ina kumene. Nanga mtsikanayo walakwa chiyani kuti mumupatse mwamuna amene mtima wake suli pa iye? Nayenso ndi mwana wa munthu, ali ndi mayi ake amene adzalire ngati ine.

Ndamvanso kuti simunamumenye, ndipo simunauze munthu aliyense, ngakhale abusa. Ana a eni aja mukanatha kuwaika m'mavuto aakulu ndi mawu amodzi okha, koma munatseka pakamwa. Pamenepo ndakuthokozani ndi mtima wonse. Ndiye kuti mnyamata sananame za inu.

Mukukumbuka pamene munasiya sukulu kuti mukaphunzire kuwotcherera? Bambo anakutayirani mphasa ndi zovala panja, anati alibe mwana wa m'magalaja. Ine ndinali wamng'ono koma ndinaona. Amene anatola mphasa ija nkuimanga pa njinga anali malume athu. Sanagwirizane nanu ayi, njira yonse ankakunenani kuti ndinu chitsiru, munandiuza nokha. Koma anakusungani kwawo, ndipo m'mawa uliwonse ankakudzutsani kuti musachedwe ku galaja.

Ndikudziwa muti nkhani zake nzosiyana. Nzosiyanadi, sindikutsutsa. Koma ntchito ya malume ndi yomweyo, sinasinthe. Kwathu mwana akamuthamangitsa amathawira kwa malume ake. Nanga akamuthamangitsa malume akewo, athawire kuti? Bambo alibe, mayi ali kutsidya la nyanja akuchapa zovala za eni.

Mukuopa kuti anthu adziwa, inenso ndikuopa. Mukuopa a ku tchalitchi, apolisi, anyamata a m'misewu, ndipo zonsezo ndimaziganiza kuposa inu chifukwa ine ndili kutali, sindingathamange kukamuteteza. Koma chimene ndikuchiopa kwambiri ndi mwana wotsekeredwa yekha ndi maganizo ake. Anandiuzapo zimene ankaganiza kudzichita asanapeze anzake aja, m'nyumba mwanu momwemo, inu mukumuona akudya ndi kuseka. Sindikufuna abwerere kumeneko. Ku Pakhonde ndi malo okhawo mu Blantyre yense kumene amakhala pampando osacheukacheuka kuti kumbuyo kukubwera ndani.

Achimwene, ine ndamusowa mwana wanga, ndikunena mosabisa. Kuno ndimadziwa kuti mwana wa madamu sadya anyezi, ndimadziwa nsapato imene yamuthina, ndimadziwa akamanama. Ana a eni akukulira m'manja mwanga. Wanga ndinali naye kachidutswa ka Lamulungu basi, pa galasi losakwana chikhatho, ndipo sindinadandaulepo. Kankandikwanira sabata yonse. Lolemba ndinkakumbukira zimene wanena, Lachitatu ndinkayamba kusonkhanitsa zoti ndidzamuuze. Panopa ndikusonkhanitsabe, zangodzaza, ndilibe kozitula.

Hanifa waona kuti ndatha thupi. Amandifunsa chimene chikundidya, ndimati ndi kutenthaku, iye amati inshallah, Mulungu akalola zidutsa. Ndi mnzanga weniweni, koma ngakhale iye sindingamuuze. Ku mapemphero athu a Amalawi akamafunsa amene ali ndi chopempherera, ndimangoti za kunyumba. M'dziko lonse lino nkhaniyi ndilibe woiuza ngakhale mmodzi, nchifukwa chake kalatayi yatalika chonchi.

Pempho langa ndi limodzi. Mulekeni Noel akhale pakhomo panu ndipo abwerere ku makompyuta aja. Sindikuti muvomereze, sindikuti mumuperekeze, sindikuti musinthe zimene mumakhulupirira. Kwiyani mmene mungathere, mundikwiyirenso ine, ndinakuzolowerani kuyambira tili ana. Koma Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi, iye akamatsegula geti, inu muyang'ane kumbali. Maphunziro ake aja anatsala pang'ono kutha, amalize apeze pogwira. Ndipo ine ndimuone.

Amos ndamupatsa kathumba kakang'ono. Mafuta a m'botolo lobiriwira ndi a bondo lanu, muzipaka madzulo, musawasungire alendo. Mpango ndi wa alamu. Zipatso zouma zotsekemerazo Hanifa amazitcha tende, ndi za azakhali, koma auzeni asamale mano, zili ndi nthanga yolimba mkati.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Selinah, muwauze kuti zimene akundichitira sindidzaiwala. Moni kwa ana anu, Brenda ndi Ethan, alimbikire sukulu. Moni kwa azakhali ku Chiradzulu, kwa asuweni athu onse, ndi kwa amayi a ku tchalitchi amene adzatithandize kuphika pa chiliza. Mukadzaima pa manda a mayi mudzawauze kuti Elinah sanaiwale, ntchito ndi imene yamugwira mwendo.

Watsala mmodzi, koma ameneyo moni wake sudzera mwa inu. Maso anu ndimawadziwa, achimwene. Moto wowotcherera unawamaliza, ndipo magalasi mumakana kuti ndi a nkhalamba. Zolemba za pamanja simuziona, alamu nawo zolemba zangazi amati ndi mapazi a nkhuku. Amos ndamuuza kuti pepalali alipereke m'manja mwa Noel, inu muli pomwepo. Choncho zonse ndanenazi mwazimva ndi mawu ake.

Noel mwana wanga, pepa pokusenzetsa katundu wolemera chonchi. Ndikudziwa kuti pena mawu akukukanika. Koma ngati wafika mzere uno amalume ako asanakulande pepala, ndiye kuti akumva. Usathamange ndipo usameze mawu. Mzere wotsatirawu uwerenge mokweza, kuti ndi a kukhitchini omwe amve.

Ine ndine Noel, mwana wa Elinah, mdzukulu wa mayi amene tikuwamangira chiliza, wa mbumba ya a Goodwell. Mayi anga akundidziwa mmene ndilili, ndipo sachita nane manyazi.

Basi, wamaliza, mwana wanga. Pinda pepalali, uwapatse amalume ako ndi manja awiri, ukamwe madzi.

Achimwene, mwamva ndi makutu anu, ndipo mwana ali patsogolo panu.

Ndatha ine mlongo wanu wokusowani nonse,

Elinah